Sikirini Yoyang'ana Pamzere wa Chimanga

Alamu anga anandiimbira foni ndili pa benchi yanga ku Balaka, ndikupukuta fumbi m'kompyuta ya munthu amene ndinkadziwa kuti sabwera msanga kudzaitenga. Chinali chaka chija mvula inadula chimanga chili m'chiuno, pomwe chaka chinzakecho madzi anali atakokolola minda. Anthu anali atasiya kukonzetsa zinthu. Amene ankafika pashopu yathu ankadzagulitsa: wina foni, wina chaja, wina wailesi yomwe inkachita kuonekeratu kuti ndi ya bambo ake.

"Alamu, mubwere kuno ku Ntaja," anatero. "Pali chinthu chandikanika."

"Chadwala n'chiyani?"

"Iyayi, sichinadwale. Changokana kulankhula. Mudzachione nokha."

Iwowa ndi amuna a achemwali anga opondana nawo. Ife kwathu ndi kwa Mposa, ana a Alomwe olima mpunga ndi nandolo, opemphera Lamulungu. Achemwali atakwatiwa ndi Myao wa Chisilamu, kunyumba kunali kung'ung'udza kwa zaka ndithu. Koma ine alamuwo ndinawakonda kuyambira pachiyambi, chifukwa ndi okhawo amene sanaseke nditanena kuti ndikufuna kuphunzira kukonza makompyuta, ntchito imene aliyense ankati ndi ya amuna. Iwo ntchito yawo inali yapawiri. Anali ndi kamera yojambulira maukwati, zinamwali ndi mipira ya m'midzi, komanso anali ndi holo yaing'ono ya malata kuseri kwa msika, mmene anthu ankaoneramo mafilimu atakhala pa mabenchi. Chaka chimenecho zonse ziwiri zinali zitagona. Munthu wogona ndi njala samanga ukwati, ndipo mu holo salowamo.

Ndinakwera minibasi m'mawa mwake, zida zanga zili m'chikwama. Kuchoka pa Liwonde kukwera mapiri aja, minda inali yofiirira ngati yawauka ndi moto. Mayi amene ndinakhala naye pampando ananyamula mapoto awiri pamiyendo, okwechedwa mpaka kung'anima, ndipo sindinafunse kumene ankapita nawo.

Pa Ntaja akabaza anali atatsamiritsa njinga zawo pamtengo, osalimbirana anthu ngati kale. Moyang'anana ndi holo ya alamu, kutsidya kwa kamsewu kafumbi, kunali depoti yogulitsa chimanga chotsika mtengo. Mzere unayambira pageti, n'kukhota ndi mpanda, n'kudzathera pafupi ndi khonde la holoyo. Ambiri anali amayi, ena ochokera kutali kunyanja ya Chiuta kumene madzi anali atathawa mabwato. Sankaimirira. Ankakhala pa matumba awo opanda kanthu, n'kumasendera pang'onopang'ono. Masiku ena galimoto ya chimanga inkabwera, masiku ena ayi, koma mzerewo unkakhalapo basi.

Achemwali anandilandira ndi tiyi wopanda shuga ndi mango aawisi owiritsa. Khosi lawo linali litatalika.

"Wabwera kudzaona chuma cha alamu ako?" anatero. "Anzathu, abale awo a ku Joni amawatumizira mpunga ndi mafuta ophikira. Ife atitumizira kafani."

Kafani kamene ankanenako kanali pa khadi la zithunzi, lija timati galafiki khadi: kathabwa kobiriwira kotalika ngati chikhatho, fani pakati, kumbuyo kuli makomo atatu olowetsa zingwe. Msuweni wa alamu, wogwira ntchito ku Joni, analitola pamene abwana ake ankataya makompyuta akale, n'kulitumiza pamodzi ndi chingwe chachitali chakuda. Alamu anali atalikulunga m'nsalu yoyera, ndipo analimasula mosamala ngati muli mazira.

"Ndikufuna masikirini atatu," anatero. "Aka ka patebulo kakhale kanga. TV yaikuluyi ikhale ya mu holo muno. Koma inayi tiiike pakhonde, iyang'ane uko."

Analoza mzere uja.

"Nanga pakhondepo azilipira ndani?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Ndiye?"

"Alamu, ine ndimaswera pano kuwayang'ana, iwonso kundiyang'ana ine. Chimanga choti ndiwapatse ndilibe. Ndili ndi magetsi akayaka, ndi makanema odzaza m'kompyutamu. Sadaka munthu amapereka chimene ali nacho. Maso akakhala ndi choyang'ana, dzuwa limayenda msanga."

"Njala siionera kanema," anatero achemwali, n'kutola makapu kubwerera kunyumba.

Mumtima ndinali kumbali ya achemwali. Koma ndinali nditabwera kale, ndiye ndinamasula chivindikiro cha kompyuta. Munali fumbi la Ntaja yense, ndi kachisa ka mavu kouma pakona. Ndinauzira, ndinapukuta, kenako ndinalowetsa khadi lija m'kanjira kake mpaka linalira kuti kha! Alamu anali atayesapo okha, koma sanalikankhe mpaka pansi poopa kulithyola. Tinalumikiza zingwe zitatu, chilichonse pakhomo pake. Titayatsa, fani inazungulira, kasikirini ka patebulo kanayaka, koma zilembo zinali zikuluzikulu zotupa, mitundu yozilala ngati chitenje chochapidwa nthawi zambiri. Ma TV awiri aja anangoti bii.

"Mwaona? Chikukana," anatero alamu.

"Sichikukana. Chilibe dalaiva."

"Dalaiva? Nanga kondakitala tikamupeza kuti?"

Ndinawafotokozera kuti dalaiva ndi kapulogalamu kamene kamaphunzitsa kompyuta chilankhulo cha khadilo. Popanda iko, kompyuta imaliona khadi ngati mlendo. Imalipatsa moni, imalipatsa mpando, koma sidziwa chimene labwerera kapena zimene lingathe kuchita.

"Ngati ine ndi amayi anu chaka choyamba chija," anatero alamu, ndipo tinaseka mpaka amayi ena pamzere anatembenuka.

Msuweni uja sanatumize chimbale cha khadilo, ndiye dalaivayo tinayenera kukamutenga pa intaneti. Ndinaunika ndi tochi ya foni pansi pa kafani, n'kupeza kapepala kolembedwa nambala ya khadi, chifukwa dalaiva wa khadi lina sayendetsa linzake. Vuto linali netiweki. Ya pa Ntaja masiku amenewo inali ngati mvula ya chaka chomwecho, kuyamba bwino n'kudukira panjira. Alamu anati imagwirako pamtunda, pafupi ndi mpanda wa mzikiti. Ndinabwereka mpango wa achemwali, ndinafunda kumutu, n'kukakhala pamwala kunja kwa mpandawo foni ili m'mwamba. Kamzere ka pafoni kankakwawa ngati nkhono. Kakafika pakati kankaima, ine n'kusuntha pang'ono, iko n'kuyambanso. Abambo anatuluka ku swala, pemphero lawo la masana, n'kundipeza pomwepo. Anabweranso ku swala inayo n'kundipezanso, ndipo mmodzi anandibweretsera madzi m'kapu osafunsa chilichonse.

Pobwerera ku holo, faelo ili m'foni, tinapeza magetsi atathima. Sanabwerenso tsiku limenelo. Ndinagona kwa achemwali. Madzulo anatigawira chakudya cha madeya ine ndi alamu ndi ana, iwo n'kunena kuti alawa kale kukhitchini. Ndinasiya theka langa ndikunamizira m'mimba, ndipo palibe anatsutsa mnzake.

Magetsi anabwera dzuwa litakwera. Ndinasamutsa faelo ija kupita m'kompyuta, n'kuyamba kulowetsa dalaiva. Atamaliza, kompyuta inapempha kuti izime n'kudzukanso. Inazima. Podzuka, fani inalira, kanyale kanayaka, koma masikirini onse atatu anali akuda, ngakhale ka patebulo kaja kamene dzulo lake kankaonetsako.

Alamu anakhala pa benchi, chipewa chili m'manja.

"Maukwati onse a anthu ali mmenemo," anatero motsitsa mawu. "Ena eni ake kulibenso."

"Sanapite kulikonse, alamu. Ali momwemo. Kwangothima nyale, nyumba ili chiimire."

Chinachitika n'chakuti kompyutayo inali ndi dalaiva wake wakale wa zithunzi, ndipo watsopanoyu atalowa anayamba kulimbirana chiongolero. Ndinaizimitsa n'kuidzutsa m'njira imene timati sefu modi, pamene kompyuta imadzuka itavula zonse n'kutsala ndi zofunika zokhazokha. Chithunzi chotupa chija chinabwerera, ndipo ndinamva alamu akupuma kumbuyo kwanga. Ndinachotsa dalaiva wakale, ndinachotsanso watsopano amene analowa mwatheka, ndinasesa zotsalira zawo, n'kulowetsanso watsopanoyo payekha. Kasikirini kanaphethira, kanada, kanaphethiranso. Kenako kanayera, zilembo zili zing'onozing'ono zakuthwa. TV ya mu holo inayaka. Ndipo kunja tinamva mawu a mayi wina akuti, "Ee, taonani!"

Ntchito yotsala inali yoyala. Ndinadina pamene kompyuta imasonyeza sikirini iliyonse nambala yake, ndipo manambala aakulu oyera anatulukira: wani patebulo, thuu mu holo, firii pakhonde. Ndinakoka timabokosi tatatu pa kasikirini kuti tiime monga ma TV aimira. Ndikuyendetsa mausi, kamuvi kanatuluka m'mphepete mwa kasikirini n'kusowa.

"Kathawa!" anatero alamu.

"Kali panja."

Anatuluka chothamanga, ine n'kumazunguza kamuviko pa TV yapakhonde, iwo akukuwa kuti, "Ndi aka! Ndi aka!" ngati apeza nkhuku yosochera.

TV yapakhondeyo inali ndi khalidwe lake. Inkatambasula chithunzi m'lifupi, moti munthu aliyense ankaoneka wamasaya, komanso inkadula mitu ndi mapazi m'mphepete.

"Isiyeni choncho," anatero alamu. "Chaka chino munthu adzione wonenepa ngakhale pa TV."

Ndinaikonzabe. Ndinasintha muyeso wa chithunzi mpaka mpira unaoneka wozungulira, n'kubweza m'mphepete kuti mitu ikwane. Mawu nawo anali atasamuka okha kutsata chingwe chachitali chija, n'kumatulukira pakhonde m'malo mwa masipika a mu holo, koma uku n'kumene tinkawafuna, ndiye ndinawasiya. Pomaliza ndinafunsa alamu mmene akufunira masikiriniwo: iliyonse izionetsa zake, kapena zonse zizionetsa chinthu chimodzi?

"Chimodzi. Zovuta ine ayi. Chimene ndikuona pano chizioneka chomwecho kunja."

Ndinachita monga ananenera.

Sanasankhe filimu yakunja. Anati anthu otopa safuna kumva zilankhulo za eni, ndipo anatsegula ukwati wina umene anajambula zaka zingapo m'mbuyomo m'mudzi wa kunyanja ya Chiuta. Ine ndinakaima pakhomo kuti ndione ngati chithunzi chikuoneka bwino padzuwa.

Ng'oma zitangolira, mitu inatembenuka mzere wonse. Amene anali kutali anatambasula makosi koma osasiya malo awo. Posakhalitsa anayamba kuzindikirana.

"Si uja wogulitsa matemba uyo?"

"Ndi yemweyo! Taonani mimba!"

"Iii, anaphwa tsopano, mungamudziwe?"

Kuseka kunayenda pamzere ngati mphepo m'munda wa mpunga. Amayi ena anayamba kutsatira nyimbo ndi mapewa ali chikhalire. Mwana amene ankalira chiyambire m'mawa anasiya, chala chili m'kamwa. Ndinaona achemwali ataima pakona ya holo, manja atapinda pachifuwa, nawonso akuyang'ana. Alamu anatuluka kudzaima pambali panga, nkhope ili ngwee.

Kenako kanema uja anafika pa chakudya. Kamera inalowa kuseri kwa nyumba ya ukwati, kumene miphika ikuluikulu inali pamafuwa. Nyama ya mbuzi inkawira, mafuta akuyandama pamwamba. Atsikana ankadutsa atasenza mabeseni a mpunga woyera mbuu, ndipo alamu, monga wojambula aliyense wofuna kusangalatsa mwini ukwati, anali atayandikitsa kamera mpaka mpungawo unadzaza sikirini yonse.

Kuseka kunatha. Ndinamva munthu akumeza malovu. Ndipo mayi wina wachikulire wa mpango wobiriwira, amene anakhala chapakati pa mzere, anaimirira n'kukuwa.

"Zimitsani! Zimitsani chinthucho!"

Alamu sanapite n'kukompyuta komwe. Anasolola pulagi ya TV pakhoma. Mayi uja anakhalanso pansi, n'kuphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Anzake oyandikana naye anamugwira. Ena onse anatembenukiranso kugeti la depoti.

Tinalowa mu holo. Alamu anakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, kuyang'ana pansi.

"Ndawatukwana," anatero. "Anthu ali ndi njala, ine n'kuwaonetsa mpunga. Tichotse, alamu. Khadilo mupite nalo ku Balaka, mwina wina aligula."

Achemwali analowa. Ndinkayembekeza kuti anena zija za dzulo, ndipo ndinali nditakonzeka kuwaletsa. Koma anakhala pambali pa amuna awo.

"Bambo a ana, musachotse," anatero. "Ine ndinaona. Asanafike pa miphika paja anthu anaseka. Chiyambire mwezi uno sindinamvepo munthu akuseka pamsewu uwu." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, kodi sizingatheke kuti iwowa aziona kaye okha, asanaonetse anthu? Pofika pa chakudya azidumpha."

"Zingatheke."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Ndinabwerera patebulo n'kusintha zija ndinayala. M'malo moti masikirini azionetsa chinthu chimodzi, ndinawalekanitsa kuti akhale ngati tebulo limodzi lalitali lodulidwa patatu. Tsopano ka patebulo kanali ka alamu okha, ndipo kunja kunkaoneka chokhacho chimene akokera kumeneko ndi mausi. Ndinawaphunzitsa kutsegula kanema pa kasikirini kawo, kumuthamangitsa kuti aone pamene pali miphika, kenako kugwira windo, bokosi la kanemayo, pamutu n'kulikoka kudutsa m'mphepete mpaka litulukire pakhonde. Ulendo woyamba windo linakakamira pakati, theka mu holo theka panja. Ulendo wina linawapulumuka. Koma pofika masana anali atazolowera, ndipo anayamba ndi mpira wa matimu a m'midzi, umene munalibe chakudya chilichonse koma fumbi ndi azibambo okangana ndi refu. Mitu inayambanso kutembenuka, mmodzimmodzi.

Nthawi yonseyi achemwali anali atatuluka ndi kapu ya madzi kupita kwa mayi wa mpango wobiriwira uja. Ndinawaona pazenera atakhala naye pansi, akulankhula Chiyao chimene anaphunzira kubanja. Anakhalitsa. Pobwera anabwera naye, atamugwira pamkono, malo ake pamzere atasungitsa thumba ndi mwala.

Alamu anaimirira n'kuyamba kupepesa, koma mayiyo anakweza dzanja.

"Iyayi, bambo, simunalakwe. Si mpunga umene unandiliza."

Anakhala pa benchi n'kufotokoza pang'onopang'ono, akusakaniza Chichewa ndi Chiyao, achemwali akundithandiza pamene ndasochera. Mmodzi mwa atsikana osenza mabeseni aja anali mwana wake. Anamwalira pobereka, mvula ya chaka chathacho, ndipo khandalo linamutsatira. Mayiyo analibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Sankadziwa n'komwe kuti tsiku la ukwati wa anansi awo kamera inamugwira.

"Ndinangoona watulukira apo, wamoyo, akuyenda," anatero. "Ndiye ndinayang'ana anthu. Onse maso anali pa beseni. Palibe ankayang'ana iyeyo. Mtima unandipweteka."

Kunja wina anagoletsa chigoli cha zaka zapitazo, ndipo pamzere panamveka kaphokoso.

"Mayi," ndinatero, "mungafune kumuonanso? Panokha, muno. Kunja sakuona."

Anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinamukhazika pampando wa alamu. Ndinatsegula ukwati uja pa kasikirini ka patebulo, mpira ukupitirira pakhonde. Panali vuto la mawu, chifukwa onse ankathamangira kunja, ndiye ndinalowa m'makonzedwe a pulogalamu yoonetsera kanemayo n'kuiuza kuti ukwatiwo uzilankhulira m'mahedifoni, mpira uzilankhulira pa TV. Nditamuveka mahedifoniwo pamwamba pa mpango anadzidzimuka, n'kugwira ndi manja onse awiri.

"Ndi uti, mayi?"

"Dikirani. Uyo ayi. Uyo ayi. Uyu!"

Anali mtsikana wamtali, wa mpata kumano, chitenje atamanga pachifuwa, beseni lili pamutu. Ataona kamera anatembenuka n'kuseka, akuphimba pakamwa ndi dzanja limodzi. Milomo yake inayenda. Ife sitinamve, koma mayiyo anamva, ndipo anatulutsa mawu amene sindingathe kuwalemba, pakati pa kuseka ndi kulira.

"Akuti chiyani?" anafunsa achemwali.

"Akuti, achimwene musandijambule, ndikununkha utsi."

Ndinabweza kanema pang'ono kuti aonenso. Anapempha kuti ndibwezenso. Ndinabweza maulendo ambiri, sindinawerenge. Kenako ndinaimitsa chithunzi pamene mtsikanayo wangochotsa dzanja pakamwa, ndipo mayiyo anayandikitsa nkhope mpaka mpweya wake unachita nthunzi pagalasi. Sanakhudze. Alamu anali atatuluka, ati kukaona ngati dzuwa silikuwala pa TV.

Atakhutira anavula yekha mahedifoni, n'kuwaika patebulo mosamala.

"Sikomo," anatero. "Ndipite, angandidumphe."

Tsiku limenelo galimoto ya chimanga inabwera, koma geti linatsekedwa iye asanafike. Ndinamuona akupinda thumba lake lopanda kanthu. Achemwali anamutsatira ndi kanthu kokulunga m'pepala, ndipo madzulo ake chakudya chathu chinachepa kuposa cha dzulo.

Ndisanachoke ndinajambula chithunzi choimitsidwa chija n'kuchiika m'fulashi. Ndinayesanso kuzimitsa ndi kuyatsa kompyuta kangapo kuti nditsimikize kuti masikirini sasokonekera magetsi akathima mwadzidzidzi, chifukwa nthawi zina akadzuka amasinthana malo. Ndinawaonetsa alamu chochita zikatero, ndipo ndinamata tizidutswa ta tepi pa zingwe kuti chilichonse chizibwerera pakhomo pake. Ku Balaka ndinakatsukitsa chithunzicho pa pepala lolimba. Chinatuluka chosaoneka bwino kwenikweni, chifukwa kamera ya alamu inali yakale, koma mpata wa kumano unkaoneka. Ndinachipatsira kondakitala wodziwana ndi alamu.

Patapita milungu achemwali anandiimbira. Anati mayi uja anabweranso pamzere, ndipo atamupatsa chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mpunga uli m'besenimo anapeta ndi iye mwini, mayiyo. Anachikulunga m'nsonga ya chitenje n'kumanga mfundo ziwiri.

"Koma watiyambitsira ntchito," anapitiriza achemwali. "Mayi uja wauza anzake. Tsopano tsiku lililonse kukubwera munthu. Wina akuti amuna anga anavina beni pa chinamwali chakuti, wina akuti mwana wanga anali goloboyi wa timu yakuti asanapite ku Mozambiki. Alamu ako sakana munthu. Amakhala pamenepo kusakasaka mpaka amupeze."

"Ndiye mwakwiya?"

"Ndani wanena za kukwiya? Vuto ndi Lachisanu. Iwo akapita kumzikiti, anthu amangokhala pakhonde kudikira, ena achokera kutali. Ubwere udzandiphunzitse ineyo."

Achemwali anali asanagwirepo kompyuta chibadwire. Ankati ikhoza kuwagwira ndi magetsi. Ndinapitanso ku Ntaja Lachisanu lotsatira, n'kupeza bambo wina wokalamba, msodzi wa ku Chiuta, atakhala pa benchi chipewa chili pabondo, akudikira kuti amuonetse mng'ono wake. Alamu anali atapita kale ku swala. Achemwali anasamba m'manja ngati akukaphika, anapukuta pa chitenje, n'kukhala pampando msana uli chilili. Ndinaika dzanja lawo pa mausi, langa pamwamba pake.

"Osafinya, achemwali. Sikathawa."

Tinayendetsa limodzi pang'ono, kenako ndinachotsa dzanja langa. Kamuvi kanagwedezeka, kanapita uku ndi uku, kanatsala pang'ono kutuluka panja, iwo n'kukabweza okha. Anatembenukira kwa bambo uja.

"Bambo, sunthirani pafupi. Mwati unali ukwati wa m'mudzi uti?"